Chitseko cha kalavani chikamagwa kapena kukana kutseka: kusankha mashoko a gasi kuno ku Chigwa cha Shire

Alamu anga amakonza mijigo. Ntchitoyi imawayendetsa kuchokera pa Ngabu mpaka ku Bangula, nthawi zina kuwoloka Shire n'kukatha sabata yathunthu kumidzi ya ku East Bank. Atatopa ndi kugona m'makalasi ndi m'makonde a eni ake, anadzipangira kalavani: ngolo ya matayala awiri, fulemu yachitsulo, makoma a pulayiwudi okutidwa ndi malata. Kumbuyo anaikako chitseko chotsegukira m'mwamba, mahinjesi ali pamwamba, kuti chikatseguka chizikhala khonde lophikirapo. Amene analimvapo dzuwa la mu Okutobala kuno akudziwa kufunika kwa mthunzi umenewo.

Chitseko chimenechi chinawabweretsa katatu kushedi komwe ndimawotcherera. Poyamba anamangirira okha mashoko awiri a gasi, aja amagwira chitseko chakumbuyo kwa galimoto, omwe amakaniki amangoti mashoko a buti. Anasankha akuluakulu, poganiza kuti champhamvu sichilakwika. Chitseko chinkatseguka mwaukali, pochitseka munthu ankachita kulendewera, ndipo mwezi usanathe masikuluwu a mahinjesi anayamba kuzuka m'thabwa. Anachotsa, n'kuikapo ang'onoang'ono. Pa Ngabu masana chitseko chinkaima bwinobwino. Koma atakwera mtunda kupita kumaliro ku Thyolo mu Juni, m'mamawa akutereka ketulo, chinatsika n'kuwagunda paphewa. Pansipo pakanakhala mwana, bwenzi tikunena zina.

"Alamu, ndiye ndigule amphamvu bwanji?" anandifunsa ulendo wachitatu. Funso limeneli ndimalimva kawirikawiri, kwa eni makalavani, eni makanopi a mapikapu, ngakhale amene amadula zenera logulitsirapo pa kontena. Wogulitsa mashoko sangaliyankhe, chifukwa chitseko chanu sanachione. Muyenera kuchipima nokha, ndipo zida zake ndi sikelo, tepi ndi chingwe basi.

Nambala ili pachubu

M'chubu chakuda cha shoko muli mpweya wa nayitirojeni wopopedwa mothinana kwambiri, pamodzi ndi mafuta pang'ono. Mpweyawo ndi umene umakankha ndodo yonyezimira ija kuti ituluke. Mphamvu yake imalembedwa pachubu pomwepo, nambala yotsatana ndi chilembo N, monga 250N, 300N kapena 600N. A kampani ya Stabilus amayamba ndi ziro, ndiye mukaona 0300N dziwani kuti ndi 300N yomweyo. Pantchito yathuyi werengani kuti 10N ndi kilogalamu imodzi. Zenizeni ndi 9.81, koma kusiyanako n'kochepa.

Nambalayi imapimidwa ndodo itatuluka pafupifupi yonse, pamalo otentha madigiri 20. Ndodo ikamalowa, mpweya umathinana, mphamvu n'kukwera ndi maperesenti 20 mpaka 40 malinga ndi mtundu wa shoko. Mfundo ziwirizi muzisunge, tizipeza kutsogoloku.

Chitseko chikugwa, kapena chikungoima pakati

Ambiri amawerengera chonchi: chitseko ndi makilogalamu 20, mashoko ndi awiri, ndiye iliyonse inyamule 10, ndigule za 100N. Mukatero chitseko sichidzaima ngakhale kamodzi.

Alamu anamva msanga nditawakumbutsa chogwirira cha mjigo wa Afridev. Mukagwira kunsonga, ngakhale mwana wa sitandade 3 amatunga madzi. Mukagwira pafupi ndi pamene chimazungulirira, bambo wamphamvu amatuluka thukuta madzi osabwera. Shoko imakankha chitseko pafupi ndi hinjesi, pamalo ovuta pomwepo, pamene kulemera kwa chitsekocho kukukokera pansi kuchokera patali. N'chifukwa chake chitseko cha makilogalamu 20 chimafuna mphamvu yoposa pamenepo kawiri kapena katatu.

Tinachita motere. Tinabwereka sikelo ya mbedza, ija amapimira mavenda ogula thonje ndi chitowe. Tinakankhira kalavani pansi pa mtengo wa nimu, n'kuchotsa mashoko onse awiri. Alamu anatukula chitseko mpaka chinagona mopingasa ngati tebulo, ine n'kumangirira sikelo kunthambi, mbedza yake n'kuikola m'mphepete mwenimweni mwa chitseko, pakatikati. Atasiya pang'onopang'ono, muvi unanjenjemera n'kukhazikika pa makilogalamu 10. Kenako tinapima ndi tepi kuchokera pa pini ya hinjesi kufika pamene panakola mbedza: masentimita 90. Tinachulukitsa 10 ndi 90, n'kupeza 900.

Ubwino wa njira imeneyi ndi woti simuchotsa chitseko, ndipo simuvutika kufufuza kumene kulemera kwake kwapendekera. Sikelo yawerengera kale zonsezo. Koma pimani chitseko chitatha: loko, chogwirira, labala ya m'mbali, nyali, penti, zonse zili pomwepo. Onetsetsaninso kuti sikelo ikukoka chilili, osati mopendama.

Muyeso wachiwiri ndi umene umasokeretsa anthu. Chitseko chili chitsegukire, mangani chingwe kuchokera pa bulaketi (kachitsulo kamene shoko imamangiriridwapo) ya pafulemu kufika pa bulaketi ya pachitseko, muchikoke chiti nga. Chingwechi chaima m'malo mwa shoko. Tsopano pimani kuchokera pakati pa pini ya hinjesi kufika pachingwe, podutsa pafupi penipeni, tepi ikumane ndi chingwe pa sikweya. Musapime kukafika pa bulaketi. Pa kalavani ya alamu, bulaketi ya pachitseko inali masentimita 20 kuchokera pa hinjesi, koma chingwe chinadutsa masentimita 18. Nambala yogwiritsa ntchito ndi 18.

Gawani 900 ndi 18, mupeza 50. Amenewa ndi makilogalamu amene mashoko onse awiri ayenera kukankha. Iliyonse 25, kutanthauza 250N. Komatu pamenepa mwangofananitsa mphamvu ndi katundu, ngati sikelo ya mbale ziwiri yaima pakati. Kamphepo pang'ono, chitseko chatsika. Onjezerani maperesenti 10 mpaka 15, mufika pakati pa 275N ndi 290N, ndipo shoko yopezeka yapafupi pamwamba pake ndi ya 300N. Tinagula zimenezo.

Taonani mmene muyeso wa chingwe uja umasinthira zinthu. Chingwe chikanadutsa masentimita 9 okha kuchokera pa hinjesi, chitseko chomwechi chikanafuna 500N mbali iliyonse musanaonjezere kalikonse. Ndiye musatengere nambala kwa mnzanu chifukwa choti zitseko zanu zikufanana kukula. Mabulaketi ake sali pamene pali anu.

Chinanso, chitseko chimalemera pakapita nthawi ife osazindikira. Mwakhomerapo kashelefu ka zikho, mwapachikapo nyali ya sola, pulayiwudi yamwa madzi m'dzinja. Pa chitseko cha alamu, makilogalamu 2 okha oonjezera kumphepete angapangitse sikelo kuwerenga 12, ndipo 12 kuchulukitsa 90, kugawa ndi 18, kugawanso pawiri, ndi makilogalamu 30, kutanthauza 300N ndendende. Mphamvu yonse yapadera ija yatha. Chitseko chimene chinkaima bwino chikayamba kutsika, yambani mwachipimanso musanaweruze mashoko.

Masana chikuima, m'mawa chikugwa

Limeneli ndi vuto lathu kuno kuchigwa. Mpweya ukatentha umakankha kwambiri, ukazizira umafooka. Pa madigiri 10 alionse, mphamvu ya shoko imasintha ndi maperesenti pafupifupi 3 ndi theka. Kumalo kumene nyengo siisintha kwambiri n'zosaoneka. Koma kuno mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo chitsulo chakuda chimene chakhala padzuwa chimafika 50 mosavuta. Mukakwera mtunda wa ku Thabwa n'kukagona ku Thyolo kapena ku Mulanje mu Juni, m'bandakucha kumatha kuzizira mpaka cha m'ma 10.

Mashoko achiwiri a alamu anali a 250N, ongokwanira ndendende. Pa madigiri 50 ankakankha ngati a 275N, chitseko n'kumaima monyadira. Pa madigiri 10 anatsika kufika cha m'ma 240N, kuchepera pa 250N imene chitseko chimafuna. Mashokowo sanawonongeke ayi. Anayesedwa nthawi yolakwika.

Choncho mukamanga mashoko atsopano, musakhutire ndi mayeso a masana. Dzukani m'mamawa chitsulo chisanatenthe, tsegulani chitseko, muchigwedeze pang'ono ndi dzanja. Chikaima nji nthawi imeneyo, ndiye kuti chidzaimanso kumapiri. Ineyo kwa anthu amene amakwera mtunda pafupipafupi ndimasankha kuonjezera maperesenti 15 osati 10. Mashoko a 300N pa madigiri 10 amakhala cha m'ma 290N, akadali pamwamba pa 250N. Pa madigiri 50 amafika cha m'ma 330N, ndipo potseka mumakoka ngati mukunyamula makilogalamu 3 basi.

Chikukana kutseka, chikudzitsegula, kapena mahinjesi akuzuka

Mashoko oyamba aja anali a 600N. Tiyeni tiwerengere. Awiri ndi makilogalamu 120, kuchulukitsa ndi 18 ndi 2,160. Chitseko chimangofuna 900. Zotsalazo mukazigawa ndi 90 mupeza makilogalamu 14, amene munthu ayenera kukoka ndi mkono uli m'mwamba kuti chitseko chiyambe kutsika. Kulendewera kuja kunkachokera pamenepa.

Choopsa kwambiri chimachitika chitseko chitatsekedwa. Paja ndodo ikalowa mphamvu imakwera. Mashoko awiri a 600N atapanikizika amakankha makilogalamu pafupifupi 150, ngati matumba atatu a chimanga, ndipo mphamvu yonseyo imalunjika pa mahinjesi usana ndi usiku. Onjezeranipo mabampu a misewu yathu yafumbi. Masikuluwu amazuka, chitseko chimapindika pakati, m'mbali mumatseguka mpata, fumbi n'kudzaza mu ufa ndi m'zofunda. Mukaona fumbi likulowa pamwamba pafupi ndi mahinjesi, musathamangire kugula labala ina. Onani kaye nambala ya mashoko.

Ngakhale mphamvu ili yoyenera, mabulaketi ndi mahinjesi asagwire pa pulayiwudi yokha ndi masikuluwu. Boolani mpaka kuseri, ikani mabawuti, kuseriko muike kachitsulo kophwatalala kogawa mphamvu. Kukhala bwino bulaketi igwire pa fulemu yachitsulo ya chitsekocho.

Nthawi zina chitseko chimatsika bwino koma chimakakamira patatsala chala chimodzi kapena ziwiri kuti chitseke. Apa mphamvu ilibe mlandu. Ndodo yalowa yonse, yagunda kumapeto, ndipo mukakakamiza muthyola bulaketi kapena kupinda ndodo. Shoko iliyonse ili ndi miyeso iwiri: kutalika kwake itatambasuka, kuchokera pakati pa mutu wina kufika pakati pa mutu unzake, ndi kutalika kwa gawo la ndodo limene limalowa. Za alamu ndi mamilimita 585 zitatambasuka, ndodo yolowa 250, ndiye zikafupika kotheratu ndi 335. Chitseko chitatsekedwa, mpata wa pakati pa mabulaketi uyenera kuposa pamenepo ndi mamilimita 5 mpaka 10, kuti ndodo isamagunde.

Njira yanga yopezera malo a mabulaketi ndi choko ndi simenti ya pansi. Ndimajambula chitseko monga chimaonekera cham'mbali, pa kukula kwake kwenikweni, kadontho kamodzi kuimira pini ya hinjesi. Ndimachijambula kawiri, chotseka ndi chotsegula. Kenako ndimadula kathabwa kopyapyala, n'kuboolapo mabowo atatu: loyamba, lina pa 585, lina pa 345. Ndi kathabwa kameneka ndimasuntha malo a bulaketi ya pansi mpaka nditapeza pamene bowo lakutali likufika pa bulaketi ya pachitseko chitatseguka, ndiponso mpata chitatsekedwa sukuchepera pa bowo lapafupi. Poyambira pabwino ndi kuika bulaketi ya pachitseko pa gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu a kutalika kwa chitsekocho, kuchokera ku hinjesi. Kufufuta choko n'kosavuta kusiyana ndi kudula chitsulo chimene mwawotcherera kale, ndiye musaumire nthawi pamenepa. Kathabwa komweko kadzakuthandizani kugwira mabulaketi powotcherera, shoko yeniyeni ili patali.

Nanga chitseko chimene mukangomasula loko chimalumphira kunja, kapena chimakankha loko mpaka kugwedera? Bwererani ku chingwe chija, koma tsopano chitseko chili chotseka. Lowani m'kati, kokani chingwe kuchokera pa bulaketi ya pansi, kudutsa pa bulaketi ya pachitseko, n'kupitirira m'mwamba. Chikalozera kunja kwa pini ya hinjesi, shoko ikukankhira chitseko kunja. Chikalozera pa pini pomwepo kapena m'kati mwake pang'ono, shoko ikuthandiza kuchigwira chitseke, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira. Kukonza kwake ndi kusunthira bulaketi ya pansi kunja, kufupi ndi chitseko. Komabe shoko si loko. Pamsewu chitseko chizikhala chokhoma ndithu, makamaka ndi maloko awiri, uku ndi uku.

Mabulaketi a kumanja ndi a kumanzere akhale pamiyeso yofanana. Akasiyana ngakhale ndi theka la sentimita, shoko imodzi imafika kumapeto inzake isanafike, chitseko n'kumapotoka.

Zinayamba bwino, patapita miyezi zafooka

Mpweya wonse uja umagwidwa ndi kalabala kamodzi kozungulira ndodo. Kakawonongeka, shoko yatha, ndipo sitingathe kuipopanso pashedi.

Choyamba kuona ndi mmene mwaimikira. Chubu chikhale pamwamba, ndodo iloze pansi. Mukatero mafuta aja amatsikira pa kalabalako n'kumakanyowetsa, komanso amachepetsa liwiro chitseko chikamafika kumapeto, osamenya kuti khu. Mukazondotsa, kalabala kamauma, ndipo ndi kutentha kwa kuno kamauma msanga. Pa chitseko cha mahinjesi apamwamba, ndiye kuti chubu chimangidwe pachitseko, ndodo pafulemu.

Chachiwiri ndi ndodo. Iyenera kukhala yosalala ngati galasi. Kuigwira ndi pulayala, kuidontheza penti, kapena kulola tizitsulo tothetheka powotcherera kuti tiigwere, zonsezi zimasiya zipsera zimene zimacheka kalabala nthawi iliyonse ndodo ikalowa. Ndaonapo shoko yatsopano itafa pa sabata imodzi chifukwa munthu anawotcherera bulaketi shoko ili pomwepo. Girisi musapake. Kuno girisi imagwira fumbi n'kusanduka msasa. Ingopukutani ndi kansalu kouma, makamaka mukachoka ulendo wafumbi. Ngolo ikamira m'madzi osefukira, monga zinachitikira zambiri pa namondwe Freddy mu Malichi 2023, tsukani matope msanga, mupukute, n'kuyang'ana ngati ndodo yagwira timadontho ta dzimbiri. Ikagwira, yambani kufunafuna ina.

Chachitatu ndi mitu. Shoko imafuna kukankha molunjika basi. Mitu yake yabwino ndi ija yovala pa kabawuti ka mutu wozungulira wa mamilimita 10, ka mazinga a M8, chifukwa imalola shoko kutembenuka pang'ono mbali zonse. Mukaimanga ndi bawuti wamba n'kumangitsa kwambiri, kapena mabulaketi akapanda kuyang'anizana, ndodo imakhuza mbali imodzi mpaka mafuta kuyamba kuchucha. Mukaona chinyezi cha mafuta pamene ndodo imalowera, mpweya nawo ukutuluka. Kunenepa kwa ndodo kugwirizanenso ndi ntchito: ya mamilimita 6 imalekezera cha m'ma 400N, ya 8 cha m'ma 750N, ya 10 imapitirira 1,000N. Pa shoko yaitali ngati ya alamu, ya 8 ndiyo yabwino ngakhale mphamvu ili 300N yokha, chifukwa siipindika msanga.

Za mashoko akale ogula ku Limbe kapena ku Ndirande ndinene mosabisa: nambala ya pachubu ikunena za tsiku limene shokoyo inatuluka m'fakitale. Lero ikhoza kukhala itataya gawo lalikulu. Ngati mulibe kuchitira mwina, iyeseni. Imikani pa sikelo yopondapo, ndodo iloze pansi itatsamira pa kathabwa, mukanikize chubu ndi thupi lanu mpaka ndodo itayamba kulowa, n'kuwerenga. Kukankha koyamba kumalimba chifukwa kalabala kamakhala katamatirira, ndiye werengani kachiwiri kapena kachitatu. Ya 300N ionetse makilogalamu 30 kapena kupitirira pang'ono. Imene ikulowa ndi dzanja limodzi isiyeni. Ndipo sinthani zonse ziwiri nthawi imodzi. Yatsopano ndi yakale zikagwira chitseko chimodzi, chimapendama, yatsopanoyo n'kumasenza katundu wa inzake.

Pochotsa shoko, yambani mwachirikiza chitseko ndi mtengo wolimba kapena mnzanu achigwire, chifukwa mukangomasula imodzi, yotsalayo singachigwire yokha. Kumutu kuli kachitsulo kopindika kogwira. Katukuleni pang'ono ndi sikuludiraiva yophwatalala, mutu n'kuvuuka. Yakufayo musaiboole, musaidule ndi galainda, musaiponye pamoto, ndipo musapatse ana kuti aziseweretsa. Ngakhale yofooka, m'kati mumakhala mpweya wokwanira kuvulaza munthu.

Mphepo ya mwera nayo muiwerengere. Chitseko chotsegula chili ngati tanga ya bwato. Mphepo ikachilowa pansi imachikankhira m'mwamba n'kukoka mashoko kupyola malire ake, ikachimenya pamwamba imachigwetsa ngakhale mawerengero anu anali olondola. Pa kalavani ya alamu tinaikapo lamba wamfupi mbali iliyonse, amene amakungika ndodo itangotsala pang'ono kutuluka yonse. Tinaikanso mchirikizo wa paipi yopyapyala wokhala ndi pini yake, umene amauimika nthawi zonse akamaphika kapena ana a m'mudzi akadzaza pamthunzipo kudzaonerera.

Tisanasiyane ndinatenga cholembera chosafufutika n'kulemba kuseri kwa chitseko, pafupi ndi hinjesi: sikelo 10, tepi 90, chingwe 18, shoko 300N, kutalika 585, ndodo 250. Alamu akadzakhomerapo china chilichonse, adzakolanso sikelo n'kuyerekeza ndi 10 uja. Mashoko akadzatopa, adzangojambula manambalawo pafoni n'kutumizira amene akupita ku Blantyre.